Mbaula yaikulu si ndiyo yotenthetsa bwino nyumba yatsopano

Ambiri omanga nyumba ku England amaganiza kuti mbaula ya nkhuni ikakula, nyumba ifunda bwino. Ayi ndithu. Nyumba zatsopano zimasunga kutentha, ndiye mbaula ya 8 kW (kW ndi muyeso wa mphamvu ya kutentha) m'chipinda chofunika 4 kW imawotcha anthu mpaka amatseka kolowera mpweya. Moto ukamanyeka chonchi, utsi umakwera uli wozizira, n'kusiya mwaye ndi phula m'chumuni. Phulalo likadzagwira moto, chumuni yonse imayaka.

China chimene amaiwala ndi mpweya. Nyumba yakale imalowetsa mpweya m'ming'alu ya zitseko ndi mawindo, pamene yatsopano njotsekeka. Malamulo omangira a kumeneko, Approved Document J, amafuna bowo losatseka lolowetsa mpweya la 550 mm² pa kW iliyonse ya mbaula m'nyumba zoterezi. Popanda bowolo, fani ya kukhitchini imatha kukokera utsi m'chipinda, pamodzi ndi carbon monoxide, mpweya wakupha umene sununkha. N'chifukwa chake malamulo amakakamiza kuika alamu yochenjeza za mpweya wakuphawu.

Chumuni itenge kukula kumene wopanga mbaulayo analemba, kawirikawiri 150 mm m'mimba mwake. Yotakasuka kwambiri imaziziritsa utsi, osakoka bwino. Nkhuni zikhale zouma, chinyezi chisapitirire 20 peresenti.