Mudzi wa Bournville ndi koko wa ku São Tomé

Kumwera kwa mzinda wa Birmingham ku England kuli mudzi wotchedwa Bournville. Anaumanga ndi a banja la Cadbury, omwe panthawiyo anali eni kampani yopanga chokoleti. Mu 1879 George Cadbury ndi mkulu wake Richard anasamutsira fakitale yawo kumeneko, kuthawa utsi ndi kuthithikana kwa m'katikati mwa mzinda. Anali a mpingo wa Quaker, ndipo ankakhulupirira kuti bwana adzayankha kwa Mulungu pa mmene antchito ake akukhalira. George anamanga nyumba zokhala ndi madimba, nakonza mabwalo a masewero, koma malo omwera mowa sanawalole. Mu 1900 anapereka mudzi wonse m'manja mwa bungwe la Bournville Village Trust kuti ndalama za lendi zizitukula mudziwo, osalowa m'thumba mwake. Zimenezi anachita ndi mtima woona, ndipo palibe chifukwa chozichepetsera.

Koma chokoleti chimayambira kumunda. Gawo lalikulu la koko (mbewu yopangira chokoleti) wa kampaniyi linkachokera ku São Tomé ndi Príncipe, zilumba za kumadzulo kwa Africa zomwe zinali pansi pa Apwitikizi. Olima kumeneko ankagwidwa mkati mwa Angola, n'kuyendetsedwa wapansi mpaka kunyanja. Papepala ankalembedwa kuti ndi antchito a kontirakiti ya zaka 5, koma kwawo sankabwererako. Amene anamvapo za thangata kwa agogo ake sangavutike kuzindikira kuti pepala lotere linali chophimba chabe.

William Cadbury, yemwe ankagula koko wa kampaniyi, anamva za nkhaniyi mu 1901. Anaonanso chikalata chotsatsa esiteti ina pachilumba cha São Tomé, ndipo pamndandanda wa katundu wogulitsidwa panali antchito akuda 200, ndi mtengo wawo wolembedwa pambali. Mu 1903 anapita ku Lisbon, likulu la dziko la Apwitikizi, kukadandaula. Mu 1905 makampani a chokoleti anatuma Joseph Burtt kukafufuza, ndipo atabwerako mu 1907 anatsimikiza kuti unali ukapolo. Zaka zonsezi koko ankagulidwabe.

Apa ndi pamene anthu amasiyana maganizo mpaka lero. A Cadbury ankati wogula wamkulu ndiye amamvedwa, ndipo akasiya kugula, koko yemweyo angopita kwa ena osalabadira. Ankatinso boma la Britain linawapempha kuti asapupulume pamene likukambirana ndi Apwitikizi. Otsutsa ankati kampaniyo inkangodikira kuti ipeze kwina kogula. Chomwe chimandivuta ine n'chakuti anasiyadi kugula mu Malichi 1909, pamodzi ndi makampani a Fry ndi Rowntree, atayamba kale kupeza koko ku Gold Coast, komwe lero ndi Ghana. Zaka 8 n'zambiri kwa munthu amene akufera m'munda wa eni.

Mu Seputembala 1908 nyuzipepala ya The Standard inalemba kuti a Cadbury ndi achiphamaso: akusamalira atsikana a kufakitale ku Bournville uku akudya thukuta la akapolo. Mawuwa analasa kwambiri chifukwa George anali mwini nyuzipepala ya Daily News, yomwe inkadzudzula mwaukali nkhanza zochitikira antchito a ku China m'migodi ya ku Transvaal, ku South Africa. Kampaniyo inakasuma kuti yaipitsidwa mbiri. Mlandu unazengedwa ku Birmingham kumapeto kwa 1909, ndipo nduna yoona za kunja ya Britain, Edward Grey, inaperekera umboni. Loya wa nyuzipepalayo, Edward Carson, anamupanikiza William mpaka anavomera kuti ankadziwa za ukapolowo kwa zaka zambiri.

Gulu la anthu oweruza linati a Cadbury apambana mlandu. Chipepeso chomwe anawapatsa chinali farthing imodzi, kandalama kakang'ono kwambiri ku Britain panthawiyo, komwe zinayi zake zinkapanga peni imodzi.