Kodi mwana amaiwaladi zoopsa zimene waona ali wamng'ono?

Anthu ambiri amakhulupirira kuti ubwana umatha pokhapokha mwana akatha msinkhu, ndiponso kuti zowawa zimene zimamugwera asanayambe kuzindikira zinthu sizisiya chipsera chifukwa adzaziiwala. Maganizowa ali ndi pochokera, pakuti n'zoona kuti akuluakulu ambiri sakumbukira zimene zinawachitikira asanakwanitse zaka 3. Komabe, kusakumbukira nkhani sikutanthauza kuti thupi silinakhudzidwe nayo.

Mwana akamaona makolo ake akumenyana kawirikawiri, kapena akamazunzidwa ndi munthu amene amamudalira, thupi lake limatulutsa mahomoni monga cortisol, amene amachuluka m'magazi munthu akakhala ndi mantha kapena nkhawa, ndipo zimenezi zikapitirira kwa nthawi yaitali popanda wamkulu womukhazika mtima pansi, ubongo umene ukadali kukula umazolowera kukhala tcheru nthawi zonse. Mwana wotere amaleka kusewera momasuka ndipo amayamba kuyang'anitsitsa nkhope za akuluakulu kuti adziwe ngati lero kuli mtendere. Chomvetsa chisoni n'chakuti ena amamuyamikira kuti ndi wofatsa kapena wokhwima nzeru msanga, pamene ubwana wake watha nthawi isanakwane.

Kafukufuku amene madokotala awiri, Vincent Felitti ndi Robert Anda, anachita ku San Diego m'dziko la America kuyambira 1995 mpaka 1997, pa akuluakulu oposa 17,000, anasonyeza kuti amene anakumana ndi zowawa zamitundu yambiri ali ana ndiwo ankapezeka kwambiri ndi matenda a mtima, kuvutika maganizo komanso uchidakwa poyerekeza ndi anzawo.