Asannyasi a Naga: maliro a munthu wamoyo ndi mkangano wa kusamba

Pa chikondwerero cha Ahindu chotchedwa Kumbh Mela, chomwe chimachitika mosinthana ku Prayagraj, Haridwar, Ujjain ndi Nashik m'dziko la India, amuna ofuna kulowa gulu la asannyasi a Naga, omwe ndi Ahindu osiya za dziko pofuna kudzipereka ku chipembedzo, amachita mwambo wa maliro awo ali moyo. Amametedwa mpala, amasamba mumtsinje, kenako amaumba timibulu ta mpunga totchedwa pinda. Mwa mwambo wa Chihindu timibulu timeneti amaperekera akufa, koma apa munthu amaperekera makolo ake ndi iye mwini. Amachoka pamenepo ali ndi dzina latsopano, wopanda mudzi, wopanda cholowa. Tsiku limene adzamwaliredi sadzawotchedwa monga Ahindu ena. Adzaikidwa m'manda atakhala tsonga, kapena kumizidwa mumtsinje, poti maliro ake adachitika kale.

Magulu a asannyasi amenewa amati chiyambi chawo ndi Adi Shankara, mphunzitsi wa ku Kerala wa cha m'zaka za m'ma 700, amene akuti adagawa asannyasi m'mayina khumi monga Giri, Puri, Bharati ndi Saraswati.

Ena angaganize kuti osiya za dziko chonchi ndi anthu ofatsa okhaokha. Ayi ndithu. M'zaka za m'ma 1700 magulu awo, otchedwa akhara, anali ndi mfuti ndi akavalo, ankachita malonda, ankakongoza ndalama, ndipo mafumu ankawalemba ntchito yomenya nkhondo. Anupgiri Gosain, mmodzi wa atsogoleri awo, ankatsogolera asilikali a Shuja-ud-Daula, wolamulira dera la Awadh.

Phokoso lalikulu linali pa kusamba pa Kumbh Mela. Gulu loyamba kulowa mumtsinje wa Ganga pa tsiku lopatulika ndilo limaoneka lalikulu kuposa anzake, choncho panalibe wofuna kugonja. Mu 1760 ku Haridwar, magulu opembedza mulungu Shiva ndi opembedza mulungu Vishnu adaphana koopsa chifukwa cha nkhani imeneyi. Angelezi atayamba kulamulira derali adaika ndondomeko ya kasambidwe ndi apolisi oyang'anira, komabe mkwiyo sudathe. Mu 1998 a Juna Akhara ndi a Niranjani Akhara adamenyananso ku Haridwar komweko, anthu ambiri n'kuvulala.

Masiku ano magulu 13 amagwirizana nthawi ndi akuluakulu a boma kusanafike tsikulo. Pa kusamba koyamba kwa asannyasi ku Prayagraj mu Januwale 2025, a Mahanirvani ndi a Atal ndiwo adalowa m'madzi m'mbandakucha, a Niranjani n'kutsatira, a Juna n'kubwera pambuyo pawo.