Zisudzo zopeka pomwepo: sewero lobadwira pamaso pa owonera

Sewero likatha, anthu amakonda kundifunsa kuti, "Mawu onsewa munawaloweza liti?" Ndikawauza kuti palibe chomwe tinaloweza, ena sakhulupirira. Ena nkhope zimagwa, ngati kuti ndalama yawo yapakhomo yapita pachabe poonera anthu osakonzeka. Anthu achiwiriwa ndi amene ndikufuna kulankhula nawo, chifukwa ntchito imeneyi ndaiphunzitsa kwa zaka zambiri ndipo ndikudziwa thukuta lake.

Pa zisudzo zopeka pomwepo, ochita sewero amalowa m'bwalo opanda mawu olembedwa. Nthawi zina amakhala atagwirizana mutu ndi kumene nkhani ikathere. Nthawi zina amapempha owonera kuti atchule malo kapena ntchito, wina n'kukuwa kuti "kuchigayo!", basi sewero layambika. Chomwe amayeserera kwa miyezi ndi luso lomvetsera ndi kulandira zimene mnzawo wabweretsa.

Tiyerekeze anyamata awiri ali pa siteji. Woyamba akuti, "Achimwene, mbuziyi mwakwera nayo bwanji m'minibasi?" M'chiganizo chimodzi wapereka zinthu zitatu: ubale, malo ndi vuto. Wophunzira watsopano, pofuna kuseketsa msanga, amayankha kuti, "Ine si mchimwene wako, ndipo apa palibe mbuzi." Anthu aseka kamodzi, koma sewero lafera pomwepo, poti mnzake watsala chilili wopanda pogwira. Wodziwa ntchito amayankha monong'ona kuti, "Tsitsa mawu, kondakitala ndamuuza kuti ndi odwala ndawafunditsa chitenje." Apa walandira mbuzi ija, wawonjezerapo bodza, ndipo tonse tikudikira nthawi imene mbuziyo idzalire. Lamulo loyamba ndi limeneli: vomera, kenako wonjezera. Limamveka lophweka, koma ambiri amatenga nthawi kuti alizolowere, chifukwa aliyense amalowa m'bwalo ali ndi nkhani yakeyake m'mutu ndipo zimamuwawa kuitaya.

Chinanso chimene ndimalimbana nacho ndi mantha a kukhala chete. Wophunzira akasowa chonena amayamba kubwebweta. Ndimamuuza kuti agwire ntchito ndi manja, apete mpunga kapena apope njinga, mawu adzamupeza ali pantchitoyo. Thupi likadziwa kumene lili, pakamwa sipasowa chonena.

Luso limeneli ndi lakale. Ku Italy, m'zaka za m'ma 1500, magulu a zisudzo zotchedwa commedia dell'arte ankayenda m'mizinda ndi ndondomeko chabe ya nkhani, mawu n'kumapeka pa siteji. Aliyense ankakhala ndi munthu wake yemwe ankamusewera kwa zaka, monga Pantalone, mkulu wamalonda waumbombo, kapena Arlecchino, wantchito wosachoka njala. Ku Chicago, mayi Viola Spolin anakonza timasewera tophunzitsira ana, ambiri mwa iwo a m'mabanja obwera kuchokera kumayiko ena, ndipo mwana wa mayi Spolin, Paul Sills, anali mmodzi mwa oyambitsa gulu la zisudzo zopeka pomwepo lotchedwa The Second City mu 1959. Keith Johnstone, wa ku Britain yemwe anakakhazikika ku Calgary m'dziko la Canada, anayambitsa mpikisano woti magulu awiri azipikisana popeka, owonera akuchemerera ngati ali ku mpira.

Kwathu kuno sitinadikire anthu amenewa kuti atiphunzitse. Agogo akayamba kuti "Padangotelo," ana n'kuyankha "Tili tonse," nthanoyo imatalika kapena kufupika malinga ndi mmene ana akuilandirira. Masewero ambiri a Chichewa amene anthu akhala akuonera m'maholo amamangidwa chomwechi: gulu limagwirizana mafupa a nkhani, mnofu umabwera pa siteji. M'nthawi ya chipani chimodzi, lamulo la 1968 linkafuna kuti sewero liyambe lavomerezedwa ndi bungwe la boma lisanaonetsedwe. Mawu obadwira pakamwa anali ovuta kuwadula ndi cholembera.

Mbali imene ndimaikonda kwambiri ndi pamene kupeka kumachoka pa nthabwala n'kulowa m'mavuto enieni. Augusto Boal wa ku Brazil anakonza njira yoti sewero lionetse munthu akuponderezedwa, kenako woonera aliyense ali ndi ufulu woliimitsa, kulowa m'malo mwa wovutikayo ndi kuyesa njira yake. M'zaka za m'ma 1980, aphunzitsi ndi ophunzira a ku Chancellor College ku Zomba, kuphatikizapo Christopher Kamlongera ndi David Kerr, ankapita kumidzi ndi zisudzo zokambirana ndi anthu, monga m'dera la Liwonde pa nkhani za umoyo. Sewero lotere silingalembedwe n'kutha, chifukwa palibe amene akudziwa zimene mayi wakhala pamkekayo anene akafunsidwa kuti, "Inu mukanatani?" Ndinaonapo mayi wina akudzuka pakati pa sewero la mwamuna womwera ndalama za fodya. Sanamukalipire ayi. Anangomufunsa mtengo wa thumba la feteleza, ndipo mnyamata wosewera bamboyo anayenera kuyankha ali m'khalidwe la munthu wakeyo, mudzi wonse ukumvetsera. Anachita chibwibwi ngati mmene bambo weniweni akanachitira, ndipo amuna angapo pagulupo anawerama.

Sindibisa kuti masiku ena sewero lotere limakanika. Nkhani imasochera, kapena wina amathawira ku mawu otukwana ndi kunyoza olumala pofuna kuseka kwachangu, zomwe ine ndimaletsa m'gulu langa. Koma likagwira, mumaona chinthu chimene sichidzabwerezedwanso mawa.

Mukadzapezeka pa sewero lotere ndipo akupemphani mutu, musavutike kufuna chodabwitsa. Tchulani chinthu cha tsiku ndi tsiku: mzere wa pamjigo, ngongole ya kugolosale, mlamu wobwera kudzacheza masiku awiri amene tsopano watha miyezi itatu.