Kuchotsa gyroid m'masamu n'kuiika pa makina a 3D

Alan Schoen, wasayansi wa ku NASA, analengeza za gyroid mu 1970. Ndi chinthu chopindikapindika, cha mabowo olumikizana, ndipo samu imene ambiri amagwiritsa ntchito pochijambula ndi iyi: sin x cos y + sin y cos z + sin z cos x = 0. Vuto lili pa ziro ameneyo. Samu ikungonena pamene khoma ladutsa, koma khomalo lilibe kuchindikala ngakhale pang'ono, ndiye makina osindikiza alibe poti n'kuthira pulasitiki.

Ambiri amathamangira ku Blender, pulogalamu yojambulira zinthu za 3D, n'kugwiritsa ntchito Solidify, chida chake chochindikalitsira makoma. Nthawi zina zimatheka, koma m'malo opindika kwambiri mbali ziwiri za khoma zimalowana. Ndi bwino kuchindikalitsa khoma m'samu momwemo. Mbali yakumanzere ya samu ija muitche f, ndipo muwerengetse |f| − t. Apa |f| ndi f wopanda chizindikiro cha minus, ndipo t ndi nambala imene mwasankha yolamulira kuchindikala; khoma lili paliponse pamene yankho lachepera ziro.

Tiyeni tiike manambala. Mukufuna bokosi la mamilimita 40 mbali zonse, ndipo mapindikidwe azibwerezeka pa mamilimita 10 aliwonse. Pamene pali x ikani 2πx/10, chimodzimodzi pa y ndi z. Mukaika t pa 0.4, khoma limatuluka la mamilimita pafupifupi 0.74 mpaka 0.91, chifukwa f sakwera mofanana paliponse. Apa nozzle (kamlomo kotulutsa pulasitiki) ya mamilimita 0.4 ikwanitsa mizere iwiri. Mukatsitsa t kufika pa 0.15, khoma lichepa kuposa mzere umodzi, ndipo slicer (pulogalamu yodula chinthu m'magawo kuti makina asindikize) monga Cura kapena PrusaSlicer ikhoza kulidumpha mwakachetechete. Mudzangoona mipata chinthu chikatha.

Kenaka dulani bokosilo m'timadontho totalikirana mamilimita 0.25, n'kuwerengetsa |f| − t pa kadontho kalikonse. Ndi timadontho pafupifupi 160 mbali iliyonse, onse pamodzi opitirira pang'ono 4 miliyoni. Njira yotchedwa marching cubes, imene William Lorensen ndi Harvey Cline anafalitsa mu 1987, ndiyo imasandutsa manambalawa kukhala tizidutswa ta makona atatu, ndipo ilimo kale mu scikit-image, gulu la zida za chilankhulo cha kompyuta cha Python. Musanaiyendetse, zungulizani bokosi lonse ndi mzere umodzi wa manambala oposa ziro. Mukaiwala zimenezi, m'mphepete mumakhala mosatseka, ndipo slicer imalephera kudziwa kuti mkati ndi muti, kunja ndi kuti.

Fayilo ya STL, imene mumasungamo tizidutswa tija, ili ndi misampha yake. Siinena ngati 40 ndi mamilimita kapena mainchi, choncho pulogalamu ikaganiza molakwa chinthu chimakula ka 25.4. Ndiponso mu STL ya mtundu wa binary kachidutswa kalikonse kamadya mabayiti 50, kutanthauza kuti tizidutswa 1 miliyoni ndi mamegabayiti 50.

Pamene anthu amavutikira kwambiri ndi polowetsa STL ija m'mapulogalamu a CAD (ojambulira zinthu za miyeso yeniyeni) monga FreeCAD kapena Autodesk Fusion n'kuiuza kuti ikhale solid, chinthu chimodzi chodzadza mkati. Kachidutswa kalikonse kamasanduka nkhope yakeyake, kompyuta n'kuima nji. CAD inazolowera nkhope zochepa zosalala, osati mazana a masauzande. Chitani mosinthanitsa: jambulani chimango, mabowo a mabawuti ndi zina zofuna miyeso yeniyeni mu CAD, zitulutseni ngati STL, kenaka ziphatikizeni ndi gyroid mu Blender ndi Boolean, chida cholumikizira zinthu ziwiri kukhala chimodzi. Zilowane ndi mamilimita 0.5 kapena kuposerapo, zisangokhudzana, apo ayi polumikizirapo padzabuka zolakwika.

Ngati gyroid mukuifuna mkati mokha kuti chinthu chipepuke, zonsezi n'kudzivutitsa. Cura ndi PrusaSlicer zili nayo kale pa infill, mmene mkati mwa chinthu mumadzazidwira. Isankheni, muike 15 peresenti, muyambe kusindikiza.