Chidindo cha Masiku 30 Sichilolezo Chogwirira Ntchito ya Mafilimu

Achinyamata ambiri a ku Malawi ojambula mafilimu ndi makatuni amafika ku Johannesburg akukhulupirira kuti chidindo cha masiku 30 chimene amapatsidwa mu pasipoti pa chipata cha Beitbridge polowa mu South Africa chimawalola kuyamba ntchito, ndipo kuti mapepala enawo adzakonza ali konkuno. Maganizo amenewa ndi olakwika ndipo apweteketsa anthu aluso. Chidindocho ndi cha mlendo basi, ndipo lamulo la Immigration Act la 2002 nthawi zambiri sililola mlendo kusintha visa yake ali mkati mwa South Africa.

Amene waitanidwa kudzajambula filimu kwa nthawi yochepa ayenera kupempha chilolezo cha gawo 11(2) la lamuloli, chomwe chimafika masiku 90, atanyamula kalata ya kampani yomuitanayo. Ntchito yokhalitsa imafuna visa ya ntchito wamba (general work visa) kapena ya luso losowa (critical skills visa), ndipo satifiketi ya kusukulu iyenera kuunikidwa kaye ndi SAQA, bungwe la ku South Africa loona za masatifiketi a maphunziro. Zonsezi zimapemphedwa munthu asananyamuke kumudzi.

Chimandiwawa ndi kuona mnyamata wodziwa kompyuta, zithunzi zake zili pa laputopu m'chikwama, akuletsedwa kulowanso m'dziko muno kwa chaka chimodzi kapena zisanu chifukwa anapitirira masiku ake.