Mukupha mbozi, ndiye agulugufe achokera kuti?

Ndatopa ndi funso ili: "Ndadzala maluwa m'zigubu, koma agulugufe sakubwera, chavuta n'chiyani?" Ndikafika pakhomopo ndimapeza botolo la mankhwala opopera lili pakhonde. Anthu inu, gulugufe aliyense anayamba ali mbozi.

Maluwa amangodyetsa gulugufe wamkulu. Kuti akhazikike, payenera kukhala chomera choikirapo mazira, ndipo mtundu uliwonse uli ndi chake. Gulugufe wamkulu wakuda wa mawanga achikasu uja amaikira pa ndimu ndi lalanje. Mbozi yake ikakhala yaing'ono imaoneka ngati chitosi cha mbalame, kenako imasanduka yobiriwira, ndipo mukaikhudza imatulutsa tinyanga tonunkha. Choncho dzalani ndimu mmodzi m'ndowa yaikulu, pambali pake maluwa monga zinnia, pentas kapena marigold. Lantana musadzale. Agulugufe amaikonda ndithu, koma mbalame zimamwaza njere zake, imalanda tchire ndipo ndi poizoni ku ng'ombe.

Nkhani imene imandiwawabe ndi ya mayi wina wa ku Mpondasi, ku Mangochi. Anali ndi ndimu wokongola m'ndowa, ndipo mbozi zinali zitakula, kutsala pang'ono kuti zipange zikwa. Ataona masamba odyedwa anathamangira kumsika, n'kugula mankhwala m'kabotolo ka madzi akumwa, kopanda dzina, kopanda malangizo. Wogulitsayo anangowauza kuti ndi amphamvu. Anapopera masana, maluwa ali otseguka. Mbozi zinafa, njuchi zinafa, masamba anapserera. Chimene chinandiopsa kwambiri n'chakuti kabotoloko anakasiya pawindo, pamene adzukulu awo amafikira. Ndimuyo akanaphukanso yekha akanangomusiya.

Kutentha kwa Mangochi mu Okutobala ndi Novembala kumawotcha mizu m'zigubu zakuda zapulasitiki. Mphika wadothi ndi wabwino, ndipo uikeni pamene dzuwa limafika m'mawa, osati lamasana. Mchenga wa kunyanja susunga madzi, sakanizani ndi manyowa owola bwino. Miyezi ya mwera, bisani miphika kuseri kwa khoma, chifukwa gulugufe amavutika kutera pa duwa logwedezeka ndi mphepo.

Mbale ya madzi pansi pa mphika ayi, chonde. Kuno malungo tikuwadziwa tonse, ndipo udzudzu ungaswane m'madzi ochepa otero pa sabata imodzi kapena kupitirirako pang'ono. Ikani mchenga wonyowa m'mbale, agulugufe amamwa pamenepo.

Mbozi zikachuluka pa ndimu wamng'ono, tolani zina ndi manja. Mankhwala ovomerezeka m'Malawi amalembetsedwa ku Pesticides Control Board, bungwe la boma loona za mankhwala ophera tizilombo, ndipo amakhala ndi chizindikiro chonena dzina ndi kagwiritsidwe kake. Opanda zimenezo musagule, ngakhale wogulitsayo ndi mnansi wanu. Mwana akamwa kapena akadzithira mankhwala, musamusanzitse ndipo musadikire kuti muone m'mene agonere. Thamangirani naye kuchipatala, botololo mutenge.